Mchenga ngwathu, nanga tenda njayani?

Dzuwa lisanakwere, mame akali pa udzu wa m'mbali mwa msewu wafumbi, ngolo ziwiri zokokedwa ndi ng'ombe zatulukira kale kuchokera kudambo, zitadzaza mchenga wonyowa umene ukudontha madzi m'mipata ya matabwa. Zalunjika pa sukulu ina ya pulayimale ya kufupi ndi Ludzi, m'boma la Mchinji, pamene pakumangidwa mdadada wa zipinda ziwiri zophunziriramo.

Amayi ali pamndandanda ndi ndowa pamutu, kuchoka kumjigo kudzakhuthula madzi m'migolo; anyamata akusakaniza simenti ndi mafosholo, thukuta lili kamukamu ngakhale kukali kozizira; ndipo mmisiri wachikulire, amene imvi zake zasakanikirana ndi fumbi la simenti, wawerama pakona ya khoma, diso lili pa levulo, nagogoda buloko pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha mpeni wake womangira kufikira itakhala pa chingwe. Salankhula ndi munthu. Akakhutira, aweramuka natenga ina.

Chapatali pang'ono paima chikwangwani cholembedwa m'Chingerezi, chonena dzina la ntchito, thumba limene latulutsa ndalama, ndi kampani imene idapambana tenda. Keyala ya kampaniyo ndi ya mumzinda.

Mchenga ngwa konkuno. Madzi nga konkuno. Manja onse amene akugwira ntchitoyi nga konkuno.

Dzina la pachikwangwani lokha ndilo lachilendo.

Mmisiri uja mukamufunsa adzakuuzani, mopanda kudandaula, kuti nyumba zimene wamanga m'moyo wake sangathe kuziwerenga, koma sadalowepo mu ofesi ya khonsolo kukapempha ntchito m'dzina lake, pakuti iye amadziwa kuti tenda ndi ya anthu a mapepala, ndipo gawo lake ndi ganyu amene kapitawo wa kampani amalipira Loweruka, ndalama zikakhalapo.

Ludzi si malo osowa luso. Pamene pali mishoni ya Akatolika yokhala ndi tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya sekondale ya atsikana, imene masisitere a Sisters of Charity of Ottawa akhala akuisamala kwa zaka zambiri, sipangalephere kukhala omanga, okhoma madenga, opala matabwa ndi owotcherera zitsulo, popeza makoma amafuna kukonzedwa chaka ndi chaka ndipo ana amaphunzira ntchito poyang'ana manja a atate awo. Chimene chikusowa ndi njira yochokera pa luso limenelo kukafika pa tebulo pamene ntchito za boma zimagawidwa.

Vuto limeneli lakula masiku ano chifukwa ndalama zimene zikutsikira ku makhonsolo zakula.

Kale, m'masiku a atsamunda, pamene Mchinji inkatchedwa Fort Manning, ndi m'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, misewu ndi nyumba za boma zinkalamulidwa kuchokera kulikulu, ndipo munthu wakumudzi ankangoitanidwa kudzaumba njerwa ndi kututa mchenga pa ntchito zodzithandiza. Thumba la MASAF, limene lidayamba m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la World Bank, ndilo lidazoloweretsa midzi kusankha komiti yakeyake ndi kusunga kaundula wa zipangizo. M'chaka cha 1998 dziko lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo m'chaka cha 2000 anthu adasankha makhansala. Koma nthawi yawo itatha mu 2005, mipando yawo idakhala yopanda eni kufikira chisankho cha 2014, kotero kuti kwa zaka zisanu ndi zinayi ndalama za makhonsolo zinkayenda popanda maso a anthu osankhidwa kuti aziyang'anire.

M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2006, mudabadwa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene aliyense amalidziwa ndi dzina loti CDF. Lidayamba ndi ndalama zochepa, koma pofika mu 2022 lidakwera kufika pa K100 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mu 2024 lidafika pa K200 miliyoni. Pa chisankho cha Seputembala 2025, Peter Mutharika adalonjeza K5 biliyoni pa chaka ku dera lililonse, ndipo madera a aphungu tsopano alipo 229.

Pambali pa CDF pali thumba la chitukuko cha boma lonse, la DDF, ndiponso ndalama za GESD, ntchito ya madola 100 miliyoni imene World Bank idavomereza mu 2020, imene imapatsa makhonsolo a maboma 28 ndalama molingana ndi mmene akhozera pa kuunikidwa kwa chaka ndi chaka: khonsolo yosunga bwino mabuku ndi kugula zinthu motsata malamulo imalandira zambiri, yolephera imatha kumanidwa. Ndalama zonsezi zimadzera ku komiti yoona za chuma cha maboma aang'ono, ya NLGFC.

Kwa boma la Mchinji, limene kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 600,000, ndalama zimenezi ndizo midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, zipatala zazing'ono, milatho, makalavati, mijigo ndi mashedi a m'misika. Ndipo si zomangamanga zokha ayi. Khonsolo imagula madesiki, mapepala, chakudya cha odwala, matayala a galimoto. Imafuna okonza galimotozo, alonda ndi osesa. Chilichonse mwa izi ndi mpata wa malonda kwa wina wake.

Tsono nanga ntchito imayenda bwanji kuchokera pa pempho la mudzi kufikira pa chikwangwani chija?

Pa pepala njirayo ndi yowongoka. Anthu amanena chosowa chawo ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC. Pempholo limakwera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC. Likavomerezedwa limalowa m'ndondomeko ya chitukuko ya boma, ndipo khonsolo ikapeza ndalama, mainjiniya ake amalemba chikalata chowerengera zipangizo, chimene amisiri amachitcha BOQ, chonena matumba a simenti, malata, matabwa ndi zitsulo zimene ntchitoyo idzadye. Pamenepo ofesi yogula zinthu imalengeza. Ntchito ikakhala yaing'ono, imapempha makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu. Ikakhala yaikulu, imaitana onse ofuna kupikisana, ndipo tsiku lotsekera likafika maenvelopu amatsegulidwa poyera, mitengo niwerengedwa mokweza pamaso pa opikisanawo. Kagulu ka akatswiri kamaunika, ndipo komiti ya khonsolo yoona zogula, ya IPDC, ndiyo imavomereza wopambana.

Wopambana si amene wangotchula mtengo wotsikitsitsa, monga ambiri amaganizira, koma amene mtengo wake ndi wotsika pakati pa okhawo amene akwaniritsa zonse zofunika. Apa ndi pamene amisiri ambiri akumudzi amagwera, mtengo wawo usanayang'anidwe n'komwe.

Malamulo ake si achilendo. Loyamba lidadza mu 2003; la 2017 lidakhazikitsa bungwe la PPDA loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndipo lidalamula kuti pa mipikisano ya m'dziko muno magawo 60 pa 100 alionse aziperekedwa kwa Amalawi akuda eni nthaka. Mu 2020 boma lidawonjezapo lamulo lopatulira mabizinesi aang'ono ndi apakati ntchito zina, ndi kukondera achinyamata, amayi ndi anthu a ulumali. Mu 2025 padabwera lamulo latsopano, ndipo kugula kwa boma kwayamba kusamukira pa intaneti kudzera m'njira yotchedwa MANEPS.

Khomo, tinganene, ndi lotsegula. Koma kuti munthu wa ku Ludzi alowepo, ayenera kufika atanyamula mtolo wa zikalata: setifiketi ya kulembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya ku MRA pamodzi ndi chikalata chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, setifiketi ya PPDA, akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo, ndipo ngati ali womanga, chiphaso cha bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, limene kuyambira mu 1996 linkatchedwa NCIC ndipo tsopano ndi CIRA. Zina mwa zikalatazi zimatha mphamvu chaka chikatha. Chilichonse chili ndi mtengo wake, ndi ulendo wake wa kabaza ndi minibasi, ndipo munthu amalipira zonsezi asanadziwe ngati adzapeza ntchito ngakhale imodzi.

Mlimi wa mtedza kapena soya amene wagulitsa mbewu zake mwezi wa Juni, nakhala ndi kangachepe m'thumba, akayerekeza mtengo wa feteleza wa chaka chamawa ndi mtengo wa mapepala amene sadziwa ngati adzabala kanthu, amasankha feteleza. Ndipo ndani angamudzudzule?

Chotchinga chachiwiri ndi uthenga. Zidziwitso za tenda zimatuluka m'Chingerezi, m'nyuzipepala zimene sizifika kawirikawiri kumidzi, pa bolodi ya ku ofesi kuboma, ndipo tsopano pa intaneti. Mmisiri wa ku Ludzi amamva za ntchito tsiku limene lole ya kontirakitala yafika kudzatsitsa simenti. Akamva msanga, amamva kwa wina amene adamva kwa wina, ndipo akulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chotchinga chachitatu, chimene chimaposa zonse, ndi mpamba.

Boma sililipira ntchito isanaoneke. Kontirakitala amagula zipangizo ndi ndalama zake, amanga kufika pamlingo wina, injiniya abwera kudzayeza nalemba setifiketi, ndipo pokhapo m'pamene malipiro amayamba ulendo wawo wa m'maofesi. Ngakhale atafika, khonsolo imatsalira ndi kagawo kena kufikira itadutsa nyengo yoonera ngati khoma silidzang'aluka. Ndalama zoyambira ntchito zimaperekedwa kwa amene wabweretsa chikole cha banki kapena cha kampani ya inshuwalansi, chimene munthu wopanda nyumba ya m'tauni sangachipeze mosavuta. Ndipo ndalama zochokera ku likulu zikachedwa kufika ku khonsolo, monga zimachitikira nthawi zambiri, wamng'ono amathawira kwa a katapira, ndipo phindu lonse limene ankayembekeza limathera m'chiwongoladzanja.

Pamwamba pa izi pali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi magawo 44 pa 100. Amene adalemba mtengo wa simenti ndi malata mwezi umodzi, nasainira kontirakiti, adadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti ndalama za nyumba yonse zikungokwanira kufika pa mawindo. Zina mwa zigoba za nyumba zopanda denga zimene timaziona m'maboma athu zidaima pa chifukwa chimenechi, osati chifukwa cha kuba kokha.

Kuchedwa kwa malipiro sikuthera pa kontirakitala. Kumatsika kufikira kwa mwini ngolo uja, kwa amayi otunga madzi, kwa mnyamata wa fosholo, amene amauzidwa Loweruka lililonse kuti abwana sadalandire. Ndipo malipiro a wantchito wosauka akabisidwa, kulira kwake sikuthera pansi pano.

Ngakhale njerwa, zimene kale zinali gawo lodalirika la mudzi, zidachoka m'manja mwa anthu. Malamulo a 2018 adaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino, pakuti aliyense woyenda mu Mchinji akuona mmene nkhalango zatheramo. Koma buloko ya simenti imafuna chikombole kapena makina, ndi simenti yogula. Choncho ndalama zimene zikadatsala kwa oumba njerwa a m'mudzi zimapita kwa amene ali ndi makinawo. Gulu la achinyamata limene lingapeze makina amodzi oumbira mabuloko, nililembetsa mwalamulo, lingakhale ndi msika pa ntchito iliyonse ya khonsolo m'dera lawo.

Tsono pali nkhani imene anthu amainena motsitsa mawu.

Amati tenda ili ndi eni ake. Amati popanda teni peresenti envelopu yako siyiwerengedwa. Amati makotesheni atatu aja nthawi zina amachokera m'thumba la munthu mmodzi amene ali ndi makampani atatu. Sikuti ofesala aliyense ndi wotero, ndipo alipo ambiri amene amagwira ntchito yawo mokhulupirika pa malipiro ochepa. Koma mphekesera zimenezi sizidamere pa mwala. Malipoti a mkulu wofufuza mabuku a boma akhala akudandaula chaka ndi chaka za ndalama za makhonsolo zotuluka popanda zikalata ndi za ntchito zolipiridwa koma zosatha. Dziko lidaona Cashgate mu 2013, pamene makampani ankalandira ndalama za boma osagulitsa kanthu. Lidaonanso kafukufuku wa 2021 wa K6.2 biliyoni ya Covid-19, amene adapeza kugula kosatsata malamulo m'maofesi ambiri.

Pa CDF vuto lidali lakuti phungu, amene ntchito yake ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, ndiye adali ndi mawu aakulu pa kusankha ntchito, ndipo m'madera ambiri anthu ankadandaula kuti ntchito zikupita kwa otsatira ake. Ofesala wofuna kufunsa ankaopa, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu umene lidabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, lidagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aphungu aziyendetsa thumbali ndi kuponya voti m'makhonsolo. Chigamulo chimenecho chidabweza udindo kwa makhansala ndi akuluakulu a khonsolo. Koma kusamutsa thumba kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina sikuliyeretsa pakokha, ngati eni ndalama sakuyang'ana.

Choonadi chinenedwenso mbali inayo. Si kontirakitala aliyense wakwathu amene ali woyera mtima. Alipo amene adalandira ndalama zoyambira ntchito nathamangira kugula galimoto. Alipo amene amachepetsa simenti m'matope kuti matumba ena akagulitse madzulo. Alipo amene amalemba mtengo wotsika dala kuti apambane, osayamba akhala pansi ndi kuwerengera ngati adzatha kutsiriza. Mlatho wotero umapita ndi mvula yoyamba, ndipo amene amavutika ndi mayi wapakati wofuna kuwoloka kupita kuchipatala usiku. Kupempha kuti ntchito zizipatsidwa kwa anthu akwathu sikutanthauza kupempha kuti muyezo utsitsidwe.

Komabe womanga wakomweko ali ndi chinthu chimodzi chimene mlendo alibe: sangathawe. Mwana wake adzaphunzira m'chipinda chomwecho, ndipo khoma likang'aluka adzakumana ndi mafunso kutchalitchi, kumsika ndi pamaliro.

Anthu a ku Mchinji safunika kupita kutali kuti aone mmene ena akuyesera. Kungodutsa chipata cha Mwami, pamene atsogoleri a Malawi ndi Zambia a pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegula ofesi imodzi ya malire mu Disembala 2022, abale athu a ku Chipata ali ndi CDF yawo, imene mu 2022 idakwezedwa kuchoka pa 1.6 miliyoni kufika pa 25.7 miliyoni kwacha ya Zambia pa dera lililonse, ndipo boma lawo lidalimbikitsa kuti ntchito ndi madesiki a sukulu zizipatsidwa kwa amisiri a m'dera lomwelo. Akalipentala ambiri adapeza msika. Koma kumenekonso kwamveka madandaulo a ntchito zosalimba ndi a ndalama zogona kubanki chifukwa cha kuchedwa kwa ndondomeko. Phunziro lake n'lakuti ndalama zikachuluka mainjiniya ndi owerengera chuma asanachuluke, mavuto amakula pamodzi ndi thumba.

Nanga munthu wamba, amene safuna tenda koma akufuna sukulu yolimba, mphamvu yake ili pati?

Ili m'komiti yoyang'anira ntchito imene mudzi umasankha. Komiti imeneyi siidaikidwe kuti izingosonkhanitsa anthu otuta mchenga. Ili ndi ufulu wodziwa mtengo wa kontirakiti, tsiku loyamba ndi lotsiriza, ndi kuchuluka kwa zipangizo. Mayi wa m'komiti amene waima pakhomo la sitolo ya zipangizo ndi kope lake, nawerenga matumba a simenti pamene akutsitsidwa, nalembanso amene atuluka tsiku lililonse, amateteza ndalama za boma kuposa kalata iliyonse yochokera ku likulu. Ndipo kuyambira mu Seputembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito, nzika iliyonse ingathe kulembera ofesi ya boma kupempha zikalata zotere, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha. Wopikisana amene wagonja nayenso ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake, ndi kukadandaula ku PPDA ngati sakukhutira. Woona ziphuphu ali ndi khomo la bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Ambiri sagwiritsa ntchito ufulu umenewu, ena chifukwa sakuudziwa, ena chifukwa cha ulemu umene tidaleredwa nawo, wosafunsa akuluakulu. Ulemu ndi chuma cha mtundu wathu, ndipo usatayike. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo kufunsa mwaulemu mtengo wa nyumba imene yamangidwa ndi msonkho wako si chipongwe.

Kwa akuluakulu a khonsolo pempho n'losavuta, ndipo silifuna lamulo latsopano. Ndondomeko ya zogula za chaka imatidwe poyera, m'Chichewa, osati kuboma kokha komanso ku Ludzi, ku Kamwendo, ku Kapiri ndi ku Mkanda. Tenda zazing'ono zilengezedwe pa wailesi ya Mudzi Wathu, imene anthu a m'bomali amamvera. Ntchito zimene zingagawike, monga madesiki, mafelemu a zitseko ndi mabuloko, zigawidwe m'magawo amene gulu la amisiri akumudzi lingakwanitse. Ofesala woona zogula apatule tsiku lokhala pansi ndi amisiri kudera, kuwaonetsa kalembedwe ka mitengo ndi kalowedwe ka pa intaneti, kuti MANEPS isakhale mpanda wina watsopano. Ndipo wamng'ono akamaliza ntchito, alipidwe msanga.

Kwa inu amisiri a ku Ludzi ndi midzi yozungulira, omanga, akalipentala, owotcherera, ndi inu amayi a m'magulu a banki mkhonde amene mwaphunzira kale kusunga mabuku: chimene munthu mmodzi sangathe kulipira, anthu khumi angathe. Lembetsani gulu lanu kapena kopaletivi yanu, tsegulani akaunti, sungani zithunzi ndi makalata a ntchito zimene mudagwirapo, ndipo muyambe ndi kotesheni yaing'ono. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo. Isanafike nthawi imeneyo, pitani kwa khansala wanu ndi ku msonkhano wa ADC, mukafunse ntchito zimene zakonzedwa m'dera lanu ndi tsiku limene zidzalengezedwe.